Momwe mungafufuzire ndi kulemba lipoti lolangiza akuluakulu pa ntchito

Malipoti a mu ofesi alipo a mitundu iwiri. Ena amafotokoza zimene zachitika kale, monga malonda a mwezi watha, pamene ena amauza akuluakulu zoyenera kuchita, kaya kugula makina, kusintha kampani yoperekera katundu kapena kutseka nthambi imene siikupindula. Malangizo ano akukhudza mtundu wachiwiriwu, umene ndi wolemera kwambiri chifukwa ndalama za kampani, ndipo nthawi zina ngakhale ntchito za anthu, zimatsatira zimene inu mwalemba. Kuti nkhani isakhale ya m'malere, tiyenda ndi chitsanzo chimodzi chimene ambiri akuchidziwa: kampani yaing'ono yogulitsa nyama ndi mkaka, yokhala ndi mafiriji angapo ndi jenereta ya dizilo, imene bwana wake wakutumani kuti mufufuze ngati kuli koyenera kuika magetsi a sola.

Yambani ndi funso, osati ndi intaneti

Musanatsegule kompyuta, bwererani kwa amene wakutumaniyo mukamufunse zinthu zinayi: ndani amene adzamange mfundo yomaliza, adzaimanga liti, pali ndalama zingati zimene zingaperekedwe, ndipo chikuwasowetsa tulo n'chiyani kwenikweni. Funso lomalizali ndilo lofunika koposa. Ngati vuto la bwana ndi kukwera kwa ndalama za dizilo, kafukufuku wanu adzayang'ana mitengo. Ngati vuto lake ndi nyama imene imawonongeka usiku jenereta ikakana kulira, ndiye kuti mwina yankho ndi mabatire kapena makina oyatsa jenereta yokha magetsi akazima, ndipo sola ingakhale yosafunika n'komwe. Anthu ambiri amachita manyazi kufunsa, poganiza kuti abwana aziwaona ngati osamva zinthu msanga, koma mphindi khumi za mafunso zimapulumutsa masabata awiri a ntchito yolakwika.

Mukamva mayankho, lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi ndipo mulitumize pa imelo kuti alivomereze. Likhoza kukhala lotere: "Kodi ndi njira iti yotsika mtengo pa zaka zisanu zikubwerazi yoonetsetsa kuti mafiriji athu sakuzima kwa nthawi yopitirira ola limodzi?" Onani kuti mawu akuti sola mulibemo. Funso labwino limatchula cholinga, nthawi ndi muyeso, ndipo limasiya khomo lotsegula kwa mayankho angapo.

Fufuzani m'nyumba mwanu kaye

Umboni wamphamvu kwambiri nthawi zambiri uli m'makabati a kampani yanu yomwe, ndipo ndi umene anthu amaudumpha chifukwa kuufukula n'kotopetsa. Pitani ku ofesi ya zachuma mukatenge malisiti a mayunitsi a magetsi a ESCOM, malisiti a dizilo ndi a zokonzetsa jenereta kwa miyezi 12 yapitayi. Pemphani buku lolembamo maola amene jenereta yalira, ngati lilipo, ndi buku la katundu wotayidwa chifukwa chowonongeka. Ikani zonsezi mu Excel, mwezi uliwonse mzere wake, kuti muone ndi maso miyezi imene ndalama zimatuluka zambiri.

Miyezi 12 ndiyo yochepetsetsa, chifukwa magetsi a m'dziko muno amayendera nyengo. Ambiri mwa magetsi amene EGENCO imapanga amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, choncho kuchuluka kwa madzi, zinyalala ndi mchenga mumtsinjemo zimasintha kuchuluka kwa magetsi. Muyeneranso kudzifunsa ngati chaka chimene mwatengacho chinali chaka wamba. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023. Munthu amene akanawerengera zaka zisanu zakutsogolo pogwiritsa ntchito maola a mdima a chaka chimenecho okha akanakokomeza phindu la sola, monganso amene angatenge chaka chabata chokha angalichepetse. Ngati mabuku akulola, tengani zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mulembe m'lipoti chimene chinachitika m'chaka chilichonse.

Mukamaliza ndi mapepala, lankhulani ndi anthu. Mlonda wa usiku amadziwa kuti magetsi amakonda kuzima nthawi yanji ndiponso kuti jenereta imatenga mphindi zingati kuti ilire. Wosunga katundu amadziwa firiji imene imachedwa kuzizira. Afunseni mwaulemu, aliyense payekha, ndipo muwauze poyera kuti simukufufuza milandu, chifukwa nkhani ya dizilo ikangotchulidwa anthu amayamba kudziteteza. Mukapeza kuti malita ogulidwa sakugwirizana ndi maola amene jenereta yalira, musathamangire kuloza munthu chala. Jenereta ya dizilo yonyamula katundu woyenerana ndi mphamvu yake imamwa malita pafupifupi 0.3 pa yuniti imodzi ya magetsi, koma imamwa zambiri pa yuniti ikamanyamula katundu wochepa kwambiri kapena ikakhala yokalamba. Lembani kusiyanako monga momwe mwakupezera, ndipo nkhani yofufuza chifukwa chake muisiye kwa amene ali ndi udindowo.

Kenako tulukani kunja, koma musankhe kogogoda

Nambala iliyonse yochokera kunja muitenge kwa mwini wake. Mitengo ya mafuta ndi ya magetsi imalengezedwa ndi bungwe la MERA. Mtengo wa dola ndi chiwongoladzanja chimene mabanki amatsatira muzipeza ku Reserve Bank of Malawi. Kukwera kwa mitengo ya zinthu kumalengezedwa mwezi ndi mwezi ndi National Statistical Office ku Zomba. Za msonkho wa katundu wolowa m'dziko funsani ku MRA, ndipo funsani za chaka chino, popeza misonkho imasintha ndi ndondomeko ya zachuma imene nyumba ya malamulo yavomereza. Za miyezo ya zipangizo pali Malawi Bureau of Standards. Ngati zimene mukufuna zili ku nthambi ya boma ndipo sizinaikidwe poyera, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, limakulolani kupempha mwa kalata, ngakhale muyenera kupempha msanga chifukwa yankho silibwera tsiku lomwelo.

Pambali pa nambala iliyonse lembani kumene mwaitenga ndi tsiku lake. Ichi ndi chizolowezi chimene ndimachiika patsogolo pa zonse, chifukwa m'dziko limene ndalama yake imagwa kawirikawiri, mtengo wopanda tsiku ndi wosocheretsa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu mu Meyi 2022, kenako mu Novembala 2023, pamene mtengo wa dola unachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Zipangizo za sola zimagulidwa kunja, choncho mtengo umene mnzanu anagulira mu Okutobala 2023 sukanathandiza aliyense pofika Disembala wa chaka chomwecho.

Chitsanzo chomwechi chikutiphunzitsanso kuwerenga nambala mosamala. Zinalengezedwa kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, ndipo n'zoona kuti dola inakwera mtengo ndi 44 peresenti, pakuti K520 yowonjezerekayo ndi 44 peresenti ya K1,180. Koma mukafunsa kuti K1 miliyoni inkagula madola angati kale ndipo inayamba kugula angati, mupeza kuti inachoka pa madola pafupifupi 847 kufika pa 588, kumene ndi kutsika kwa pafupifupi 31 peresenti. Nambala zonse ziwiri n'zolondola, koma zikuyankha mafunso osiyana, ndipo wolemba amene sadziwa kuti akugwiritsa ntchito iti angalakwitse ndi mamiliyoni. Paliponse pamene mwaona peresenti, dzifunseni kuti ndi peresenti ya chiyani.

Zimene mwaona pa WhatsApp ndi pa Facebook zingakulozereni kofufuza, koma si umboni. Chimodzimodzinso mapulogalamu a kompyuta oyankha mafunso amene afala masiku ano: amathandiza kumvetsa nkhani yachilendo, koma amatha kupereka nambala yabodza molimba mtima, choncho chilichonse chochokera kumeneko muchitsimikizire kwa mwini wake musanachilembe, ndipo musaikemo zinsinsi za kampani.

Makotesheni

Pemphani makotesheni, amene ndi mapepala osonyeza mtengo umene wogulitsa akufuna, kwa ogulitsa osachepera atatu, ndipo onse muwapatse pepala limodzimodzi lofotokoza zimene mukufuna: mafiriji angati, a mphamvu yanji, oyenera kuyenda maola angati popanda ESCOM. Mukapanda kutero, aliyense adzakulemberani zake, ndipo kuyerekeza mitengo yawo kudzakhala ngati kuyerekeza mtengo wa ndowa ya chimanga ndi wa thumba.

Apa ndi pamene wofufuza ayenera kuphunzira pang'ono za ntchito imene si yake. Simukuyenera kukhala injiniya, koma muyenera kudziwa kuti kW ndi muyeso wa mphamvu imene ikufunika pa nthawi imodzi, kWh ndi muyeso wa magetsi ogwiritsidwa ntchito kapena osungidwa mu batire, ndipo kVA imene imalembedwa pa jenereta nthawi zambiri imachulukitsidwa ndi 0.8 kuti ipereke kW, kotero jenereta ya 20 kVA imapereka pafupifupi 16 kW. Muyeneranso kudziwa kuti injini ya firiji imakoka magetsi ochuluka kangapo pa nthawi yoyamba kulira kusiyana ndi pamene ikuyenda, ndipo zipangizo zoyezedwa mosaganizira zimenezi zimazima mafiriji awiri akayambira pamodzi. Funsani wogulitsa aliyense kuti zipangizo zake zidzatani m'miyezi ya mvula, komanso, ngati muli ku Blantyre, Thyolo kapena Mulanje, m'masiku a chiperoni a Juni ndi Julayi pamene dzuwa limabisala kwa masiku angapo.

Pa kotesheni iliyonse yang'anani kuti mtengowo ugwira ntchito mpaka liti, ngati wamangiriridwa ku dola, ngati msonkho wa VAT ndi ndalama zoikira zaphatikizidwa, komanso kuti chitsimikizo cha mabatire ndi cha zaka zingati. Mapanelo amatha kukhala zaka zoposa 20, koma mabatire amatha msanga, makamaka a mtovu poyerekeza ndi a lithium, ndipo mtengo wowasintha ndiwo umene ogulitsa ena sakonda kuutchula. Pemphani chiphaso cha MERA cha amene adzaike zipangizozo. Pemphaninso mayina a makasitomala awiri amene anawaikira zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo ndipo mukaoneko nokha, chifukwa zipangizo za miyezi itatu zonse zimaoneka bwino. Ngati mmodzi wa ogulitsawo ndi m'bale wanu kapena mnzanu, nenani poyera kwa abwana musanayambe kuyerekeza. Ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe ake akumbukirenso kuti amamangidwa ndi malamulo a kagulidwe ka katundu amene bungwe la PPDA limayang'anira.

Werengerani, kenako yesani kugwetsa yankho lanu

Ikani njira zonse pamzere, kuphatikizapo njira yosasintha kanthu, popeza nayonso ili ndi mtengo wake ndipo ndiyo muyeso wa zinazo. Pa njira iliyonse phatikizani ndalama zonse za zaka zisanu: zogulira, zoikira, mafuta, zokonzetsa, zosintha mabatire, katundu wowonongeka, ndi chiwongoladzanja ngati ndalamazo ndi za ngongole.

Tiyerekeze, pongofuna kuonetsa kawerengedwe, kuti sola ikufuna K36 miliyoni ndipo ingapulumutse K1.2 miliyoni pa mwezi. Ndalamazo zingabwerere pa miyezi 30. Musaimire pamenepo. Funsani kuti zingakhale bwanji magetsi a ESCOM atasiya kuzima pafupipafupi n'kumangozima mwa apo ndi apo, ndalama zopulumutsidwa n'kutsika kufika pa K720,000: miyezi ija ikhala 50, ndipo mwina nthawi yosintha mabatire idzakhala itayandikira ndalama zisanabwerere. Funsaninso za mbali inayo, dizilo atakwera kapena atasowa pa malo omwetsera mafuta kwa masabata angapo. Mukasintha nambala imodzi imodzi chotere, mudzaona imene yankho lanu latsamira kwambiri, ndipo imeneyo ndiyo muyenera kuifufuzanso kawiri. Ngati yankho likusintha nambala imodzi ikangosuntha pang'ono, akuluakulu ayenera kuuzidwa zimenezo mosabisa.

Kulemba

Ikani malangizo anu m'ndime yoyamba. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuyamba ndi mawu otsogolera n'kumaliza ndi mfundo, ndipo chikhalidwe chathu chimatiphunzitsa kufika pa nkhani mozungulira tikamalankhula ndi akulu. Ulemu umenewo uli ndi malo ake m'malonje a kalata, koma m'lipoti ulemu weniweni ndi kusunga nthawi ya wowerenga, amene mwina adzawerenga tsamba loyamba lokha ali m'galimoto popita ku msonkhano wa bodi. Ndime yoyambayo ikhoza kumveka motere: "Ndikulangiza kuti kampani igule sola ndi mabatire a mafiriji anayi pa mtengo wa K36 miliyoni, ndipo jenereta isungidwe yothandizira. Ndalamazi zibwerera pa miyezi 30 ngati magetsi apitiriza kuzima monga chaka chathachi, kapena miyezi 50 ngati kuzima kwa magetsi kuchepa. Mfundo ikufunika isanafike 30 mwezi uno, pamene kotesheni ithe mphamvu." M'ziganizo zitatu wowerenga wadziwa chochita, mtengo, phindu, chiopsezo ndi tsiku.

Pambuyo pake perekani zifukwa ziwiri kapena zitatu zazikulu, chilichonse ndi umboni wake, kenako tebulo limodzi loyerekeza njira zonse ndi miyeso yofanana. Fotokozani mwachilungamo njira zimene mwazikana, chifukwa m'chipinda cha msonkhano mudzakhala wina amene amazikonda, ndipo akaona kuti mwazinyoza popanda kuziyeza adzakayikira lipoti lonse. Tchulani zoopsa ndi momwe zingachepetsedwere. Malizani ndi ntchito zoyenera kuchitika mfundo ikavomerezedwa, iliyonse ndi udindo wa woichita ndi tsiku lake. Makotesheni, matebulo aakulu ndi mndandanda wa kumene mwatenga nambala ziikidwe kumapeto monga zowonjezera.

Siyanitsani zinthu zitatu zimene olemba ambiri amazisakaniza: zimene mwazipeza m'mabuku, zimene mwangoyerekeza, ndi maganizo anu. "Tinagula malita akutiakuti chaka chatha" ndi chopezeka. "Ndawerengera ngati dizilo akwera ndi 20 peresenti pa chaka" ndi choyerekeza, ndipo chiyenera kulembedwa poonekera kuti wowerenga achisinthe ngati sakugwirizana nacho. "Wogulitsa wachiwiri ndiye wodalirika" ndi maganizo, ndipo amafuna chifukwa pambali pake.

Lembani ziganizo zathunthu, osati timizere ta mawu atatuatatu. Ku kampani ya Amazon, Jeff Bezos, amene anaiyambitsa, analetsa PowerPoint, pulogalamu yoonetsera timizere ta mawu pa sikirini, pa misonkhano ya akuluakulu mu 2004, ndipo m'malo mwake anthu amalemba chikalata chosapitirira masamba 6 chimene onse amachiwerenga mwakachetechete msonkhano ukamayamba. Ndikuona kuti njirayi ili ndi nzeru, chifukwa timizere timalola wolemba kubisa kuti sakudziwa kugwirizana kwa mfundo ziwiri, pamene chiganizo chokhala ndi mawu akuti "chifukwa" kapena "choncho" chimamukakamiza kuonetsa kugwirizanako. Kaya mukulemba m'Chingerezi, monga zimakhalira m'maofesi ambiri, kaya m'Chichewa, monga zingafunikire ku kopaletivi kapena ku komiti ya mpingo, sankhani mawu amene mungawanene pakamwa. Chotsani mawu monga "zambiri", "posachedwa" ndi "zotsika mtengo" paliponse pamene mungaike nambala kapena tsiku. Chotsaninso mawu obisalira monga "zikuoneka ngati mwina kungakhale bwino". Ngati mukukayika, nenani chimene mukukayikira ndi chifukwa chake.

Kuunika musanatumize

Lolani lipoti ligone usiku umodzi, ndipo m'mawa muliwerenge mokweza. Pamene mpweya wakutherani kapena lilime lapunthwa, chiganizocho chikufunika kukonzedwa. Kenako tengani pensulo ndi kutsatira nambala iliyonse kuchokera pa tsamba loyamba kufika ku lisiti kapena ku kotesheni kumene inachokera, popeza nambala imodzi yosiyana pakati pa ndime ndi tebulo imakwanira kuti msonkhano wonse uthere pa kukangana za iyo.

Perekani lipotilo kwa anthu awiri. Woyamba akhale wa ku ofesi ya zachuma, kuti aone kawerengedwe. Wachiwiri akhale munthu amene mukudziwa kuti sagwirizana ndi malangizo anu, ndipo mumupemphe kuti akuuzeni pamene pali pofooka. N'kwabwino kumva zotsutsa mu ofesi mwanu, nthawi yokonza ikadalipo, kusiyana ndi kuzimvera koyamba pamaso pa bodi. Pomaliza mupatse munthu amene sadziwa nkhaniyo tsamba loyamba lokha kwa mphindi ziwiri, n'kumufunsa kuti kampani ikulangizidwa kuchita chiyani ndipo pa ndalama zingati. Akalephera kuyankha, lembaninso tsambalo.

Mfundo ikamangidwa

Pa msonkhano lembani mafunso onse amene mwafunsidwa, makamaka amene munalibe yankho lake, chifukwa amenewo akukuonetsani zimene akuluakulu anu amayang'ana, ndipo lipoti lotsatira liyenera kuwayankha asanafunsidwe. Akakana malangizo anu, funsani mwaulemu chimene chawachititsa. Kawirikawiri pamakhala nkhani ya ngongole kapena ya mapulani ena imene inu simunauzidwe, ndipo ulendo wina mudzadziwa kuifunsa pachiyambi.

Akavomereza, ikani m'kalendala tsiku la miyezi 6 kuchokera pamene zipangizo zayamba kugwira ntchito. Pa tsikulo tsegulani tebulo lija la Excel, onjezani malisiti atsopano a dizilo, a mayunitsi ndi a katundu wotayidwa, ndipo muyerekeze ndi K1.2 miliyoni imene munalonjeza pa mwezi. Lembani theka la tsamba lofotokoza kusiyana kwake ndi chimene chakuchititsa, mutumize kwa amene anavomereza ndalamazo, ndipo kope lake mulisunge m'fayilo imodzi ndi lipoti loyamba lija.